Lantana sadziwa malire a esiteti

Chitsamba cha lantana, chimene chinachokera ku America ngati duwa lokongoletsa mpanda, tsopano chikulanda malo m'mphepete mwa minda ya tiyi ku Thyolo, boma limene anthu akusowa kale polima. Masamba ake amawononga chiwindi cha ng'ombe, ndipo pansi pake sipamera msipu.

Ambiri amangochitema ndi chikwanje kapena kuchitentha, koma mvula ikagwa chimaphukanso mwamphamvu. Chofunika n'kuzula chitsa ndi mizu yomwe, dothi likadali lofewa, zipatso zisanapse, kenaka kubzalapo mitengo kapena nsenjere.

Komabe mlimi akazula yekha, mbalame zimabweretsanso njere kuchokera kutsidya. Eni maesiteti ndi mafumu a midzi yoyandikana nawo agwirizane nyengo imodzi yozulira, aliyense kumbali yake ya malire.