Wofuna ntchito ya zachuma ku Amazon ayambe waonerera woitanira minibasi

Mwana akamaliza digiri ya zachuma ku Zomba, kumene ambirife timangoti ku Chanco, maso ake amakhala pa zitseko zitatu basi: Reserve Bank, Capital Hill, kapena bungwe lija la magalimoto oyera okhala ndi mlongoti kutsogolo. Palibe cholakwika. Koma pali chitseko chachinayi chimene sitichitchula kawirikawiri, ndicho makampani a intaneti ndi mafoni, ndipo mantha anga ndi akuti wogogoda pamenepo angathe kubwezedwa chifukwa chokonzekera mayeso amene palibe.

Izi si nthano ayi. Mu 2002 kampani ya Google inaitana Hal Varian, mphunzitsi wa ku Berkeley amene analemba buku la microeconomics lomwe lagonetsa ophunzira ambiri mochedwa, ndipo mu 2007 inamuika kukhala mkulu wake wa zachuma. Amazon inatenga Pat Bajari mu 2010. Mu 2019 Susan Athey ndi Michael Luca analemba kuti Amazon yokha inali italemba ntchito anthu oposa 150 a digiri ya PhD ya zachuma pa zaka 5 zokha. Uber ndi Microsoft nawo anatenga awo.

Mwina mukuti wazachuma akatani ku kampani ya makompyuta? Inu amene munaonako fodya akugulitsidwa pa okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe mumva msanga. Munthu akalemba mawu pa Google, kuseri kumachitika kaokushoni kothamanga kuposa kuphethira, amalonda kulimbirana kuti uthenga wa ndani uoneke pamwamba. Malamulo a okushoni imeneyo pamafunika wowakonza. Pamafunikanso wouza Uber mtengo wa ulendo mvula ikagwa, ndi wouza Amazon kuti isunge mabulangete angati kusanazizire.

Tsono pa intavyu amafunsa chiyani? Apa tiyeni tikhale pansi, chifukwa sukulu zathu zinatizoloweza kuti wanzeru ndi woloweza. Kuyambira Sitandade 1 mpaka ku koleji, aphunzitsi alemba pa bolodi, iwe ukopere, pa mayeso uwabwezere mawu awo omwe. Munthu woleredwa chonchi akamva za intavyu amagona pa mabuku, kuloweza tanthauzo la elasticity ndi mayina a azungu amene anafa kalekale. Ine ndikuti akutha makandulo pachabe. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, matanthauzo amenewo makina amangowalavula, ulere. Ndani angakulipire madola kuti uzichita zimene foni ya bwana ikuchita kale? Chimene ofunsa aja akufuna kuona n'chakuti kodi umatha kusiyanitsa chinthu chimene chachititsa chinzake ndi chinthu chimene changopezeka pamalopo.

Tiyeni tipite pa siteji. Woitanira akukuwa, "Limbe! Limbe! Mmodzi yekha!" Minibasi yadzaza, iye watambasula dzanja kwa kondakitala kuti alandire yake. Mukamufunsa akuuzani kuti onse 15 aja wawakweza ndi iyeyo. Koma kondakitala wochenjera amadziwa kuti ambiri mwa iwo anadzuka ndi ulendo wa ku Limbe, akanakwera ngakhale woitanirayo akanakhala ali kumaliro. Chofunika kuwerenga ndi aja amene sakanakwera iye akanakhala chete. Mwina ndi awiri. Mwinanso palibe.

Musaseke, pakuti kampani yaikulu ya eBay inkalipira woitanira wotereyu ndalama zankhaninkhani. Munthu akalemba dzina loti eBay pa makina ofufuzira, pamwamba pankabwera uthenga wamalonda umene eBay inkalipira, ndipo m'munsi mwake pankabwera adiresi ya eBay yomweyo, yaulere. Ziwerengero zinkaoneka zokoma zedi: anthu ambiri ankadina uthenga wolipirawo n'kukagula katundu. Mu 2012 kampaniyo inasiya kulipira uthengawo pa Yahoo ndi MSN, n'kupitiriza pa Google, ndipo akatswiri a zachuma atatu, Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, anayerekeza mbali ziwirizi. Anapeza kuti pafupifupi onse amene ankadina wolipira uja anangotsitsa maso pang'ono n'kudina waulere. Kenaka anazimitsa mauthenga a mawu ena wamba, monga mayina a katundu, m'madera ena a America n'kuwasiya m'madera ena. Zinaoneka kuti mauthengawo ankakokadi makasitomala atsopano ndi ogula mwa apo ndi apo, koma ndalama zambiri zinkathera pa makasitomala akale amene akanabwera okha, mwakuti powonkhetsa kampani inkaluza. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso la pa intavyu limabwera ndi nkhope yomweyi. Tiyerekeze akuuza kuti makasitomala amene amalipira umembala wa pachaka amagula kawiri kuposa anzawo, ndiye kodi tithire ndalama zambiri pokopa anthu kuti akhale mamembala? Woloweza alumpha, "Inde bwana, malonda awirikiza." Wagwa. Wokonzeka amayamba waima kaye n'kufunsa kuti kodi si aja amene ankagula kwambiri kale amene anaona kuti umembala uwapindulira? Ngati ndi choncho, umembala ndi woitanira uja, akudyerera anthu amene anali kale pa ulendo.

Sakusiyira pomwepo. Akufunsa kuti nanga ungadziwe bwanji zoona zake? Yankho loyamba ndi kuyesa mwa maere, kumene iwo amati A/B test. Ugawe makasitomala pawiri mosasankha nkhope, gulu lina ulikope ndi umembala wotsika mtengo, lina ulisiye momwe lilili, kenaka uone kusiyana. Koma kungotchula dzinalo sikukwanira. Uyenera kunena kuti pafunika anthu angati kuti kusiyanako kusakhale kwa mwayi chabe, muyesa masabata angati, ndipo muyeza chiyani, kuchuluka kwa katundu wogulidwa kapena phindu lotsala. Wamalonda aliyense akudziwa kuti ziwirizi si chimodzi. Ungathe kutha belo lonse la kaunjika tsiku limodzi n'kubwerera kunyumba ndi mpamba woperewera.

Ukayankha bwino, amakulanda chida chimenecho. Amati bwana sanayese, anangosintha mtengo chaka chatha, ndiye tiuze zimene zinachitika. Apa ndi pamene pamafunika nkhani ya David Card ndi Alan Krueger. Mu Epulo 1992 dera la New Jersey linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa $4.25 kufika pa $5.05 pa ola, pamene Pennsylvania, dera loyandikana nalo, silinakweze. Awiriwa anawerenga antchito m'malo odyera a mbali zonse ziwiri, malipiro asanakwere ndi atakwera, ndipo sanapeze kuti ntchito zinachepa ku New Jersey monga ambiri ankayembekezera. Njirayi imatchedwa difference-in-differences, ndipo Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021 pa ntchito za mtundu umenewu.

Dzina ndi lalitali, koma nzeru yake ndi ya pa golosale. Muli ndi mashopu awiri, ina ku Ndirande ina ku Bangwe. Mwakweza mtengo wa sopo ku Ndirande kokha, ndipo malonda kumeneko atsika ndi makatoni 10. Musafulumire kunena kuti mtengo wadya makatoni 10. Onani ku Bangwe: ngati nakonso atsika ndi 7 chifukwa ndi pakati pa mwezi, anthu alibe kanthu m'thumba, ndiye kuti mtengo wadya 3 okha. Tsono wofunsa wochenjera amaponda pamene pali chilonda. Nanga ngati mwezi womwewo wina anatsegula holoselo pafupi ndi shopu ya ku Bangwe? Masamu onse aja amadalira kuti madera awiriwo akanayenda mofanana mtengo ukanapanda kusintha. Uyenera kutchula wekha kufooka kumeneku asanakufunse, n'kunena kuti uyang'ana miyezi ya m'mbuyo kuona ngati malonda a mashopu awiriwo ankakwera ndi kutsika limodzi. Ambiri amaganiza kuti kuulula pamene njira yako ingaphonye ndi kudzigwetsa. Kumeneko ndi kumene amakupatsira mamalikisi.

Ku makampani monga Uber kuli msampha wina. Ukatsitsira mtengo theka la okwera mumzinda umodzi, iwo amatenga magalimoto amene theka linalo likanakwera, ndiye gulu limene umayerekezera nalo lakhudzidwa kale. Amayi ogulitsa tomato pa benchi limodzi akudziwa: mmodzi akawonjezera basera, malonda ake amakwera chifukwa walanda a mnzake wapambali, osati kuti mumzinda mwabadwa odya tomato atsopano. N'chifukwa chake makampani otere amayesa mzinda ndi mzinda, kapena ola ndi ola. Nthawi zina ngozi ndi imene imawayesera. Usiku wolowa chaka cha 2015 ku New York, makina a Uber okweza mtengo anthu akachuluka anafa kwa mphindi 26, ndipo pa nthawiyo kudikira kunatalika, ambiri oitana galimoto sanaipeze. Ife amene timatukwana kondakitala akakweza mtengo madzulo sitingaikonde nkhaniyi, ndipo sindikunena kuti kondakitala ndi woyera mtima. Koma ukafunsidwa, uyenera kutha kunena mbali zonse: mtengo wokwera umaitana madalaivala ena, komanso umasiya wosauka pa msewu.

Za zida ndinene mwachidule. SQL yokokera ziwerengero, Python kapena R yoziwerengera, izi akuyesa pamaso pawo, ndipo siziphunzirika usiku umodzi. Poyeserera pali. Kafukufuku wa mabanja amene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inachita mu 2019 ndi 2020 amapezeka pa intaneti kudzera ku World Bank. Utenge ameneyo, udzifunse funso limodzi, uliyankhe mpaka kumapeto, ndipo ukhala ndi chonena akakufunsa zimene unachitapo ndi manja ako.

Koma gawo limene ndikuona kuti lingatigwetse Amalawi ndi lina. Amazon ili ndi mfundo 16 za kagwiridwe ka ntchito, ndipo pa intavyu amakufunsa nkhani za moyo wako zosonyeza mfundozo. Pagulu la ofunsa pamakhalanso wina wochokera ku dipatimenti ina, amene amamutcha Bar Raiser, ndipo iyeyu akakana, ntchito palibe. Amafuna nkhani yoyenda mwadongosolo: zinthu zinali bwanji, udindo wako unali wotani, unachita chiyani, zinatha bwanji. Tsono ife tinaleredwa kuti kunena "ine" ndi matama. Timati "tinayesetsa ndithu, zinayenda mwa chisomo." Ulemu umenewu ndi wabwino pa chinkhoswe. Pa intavyu wofunsa amangolemba kuti sanamve chimene munthuyu anachita. Nena kuti ndinapeza cholakwika m'ziwerengero, ndinauza akuluakulu, tinasintha, ndipo zinapulumutsa zakutizakuti. Ina mwa mfundozo ndi ya kulimba mtima kutsutsa ngakhale bwana ukaona kuti akulakwa, kenaka n'kugwira ntchito ndi mtima wonse chigamulo chikaperekedwa. Mwana amene anaphunzitsidwa kugwada ndi kuyang'ana pansi ayenera kuyeserera gawo limeneli mokweza mawu, kangapo, pamaso pa mnzake wosachedwa kuseka.

Chinanso, pakati pa ofunsa pamakhala amene sanaphunzire zachuma, oyang'anira malonda kapena olemba mapulogalamu. Ukawathira Chigiriki cha masamu amangogwedeza mutu. Apa ndi pamene inu amalonda mungathandize. Mwana wanu kapena mphwanu akati akukonzekera intavyu, mumukhazike pa mpando mu shopu momwemo, akufotokozereni kafukufuku wake m'Chichewa kwa mphindi 5. Pamene simunamve, mufunseni, "Ndiye ine ndipange chiyani, ndikweze kapena nditsitse?" Akayamba kuzungulira, sanakonzeke. Bwana wa ku Seattle afunsa funso lomwelo, chabe kuti m'Chingerezi.

Tinene chilungamo, ntchito zimenezi si zotola. Maudindo ambiri a dzina la economist ku Amazon amafuna PhD, ndipo wa digiri yoyamba kapena yachiwiri nthawi zambiri amalowera pa ntchito yosanthula ziwerengero. Ndiponso si ntchito za mpaka penshoni ngati za boma: pakati pa Novembala 2022 ndi Marichi 2023 Amazon inalengeza zochotsa antchito pafupifupi 27,000. Wopita kumeneko apite akudziwa.

Komanso si onse amene ayenera kuwoloka nyanja. Airtel Money ndi Mpamba ndi makampani a mtundu womwewu, ali ndi ziwerengero za ndalama iliyonse imene mumatumiza kumudzi. TNM ili pa msika wa masheya wa dziko lino kuyambira 2008, Airtel Malawi kuyambira 2020, ndiye malipoti awo a pachaka ndi a aliyense wofuna kuwerenga. Woitanidwa ku intavyu kumeneko ayambe wawerenga lipotilo, adziwe kumene ndalama zimalowera, kenaka ayende kwa maejenti atatu kapena anayi a pa msika kuwafunsa nthawi imene ndalama zimawathera ndi chimene makasitomala amachita akawabweza. Akatero akhale pansi ndi funso ili: kampani ikatsitsa mtengo wotumizira ndalama mu Disembala, anthu n'kutumiza zambiri, ndi zingati zimene zabwera ndi mtengowo, nanga ndi zingati zimene zikanapita kumudzi ndithu chifukwa cha feteleza ndi Khirisimasi?