Mau Ataliatali a Cingelezi Sayenera Kuopedwa

Alipo ana a sukulu ambiri amene amawerenga Cingelezi bwino ndithu malinga ngati mau ali afupiafupi. Koma akakumana ndi liu lalitali lodzaza theka la mzere, amaima monga munthu amene waona njoka m'njira. Ena amalilumpha mwakacetecete, ena amangoliloweza pamtima osadziwa tanthauzo lace. Onsewa alakwa, pakuti liu lalitali lili ngati mtolo wa nkhuni: munthu akamasula luzi, apeza kuti nkhunizo nzodziwika kale, ndipo angathe kuzinyamula imodziimodzi.

Mwana wolankhula Cinyanja ndiye sayenera kuopa konse, cifukwa cinenero cace comwe cimamanga mitolo yotere tsiku ndi tsiku. Liu lakuti "sindidzakuiwalani" lili ndi zilembo 17, koma palibe mwana amene amalithawa. Iye adziwa kuti "si" akana, "ndi" ndiye wolankhulayo, "dza" aloza m'tsogolo, "ku" pamodzi ndi "ni" ndiye wouzidwayo, ndipo "iwala" ndilo tsinde. Mngelezi afuna mau asanu kuti anene zomwezo. Tsono nzeru imene mwana amamasulira nayo mau a kwao ndiyo yomwe ayenera kupita nayo ku Cingelezi.

Mau ataliatali ambiri a Cingelezi anacokera ku Cilatini ndi ku Cigriki. Ena analowa podzera m'Cifalansa, makamaka William wa ku Normandy atagonjetsa England m'caka ca 1066. Ena anacita kupangidwa ndi anthu ophunzira pofuna kucha maina zinthu zatsopano. Ndico cifukwa cace mau ambiri ali ndi zilembo zofanana kumutu, pakati, kapena kumcira. Zilembo zimenezi zili ngati mfunda wa banja: zisonyeza ubale.

Banja loyamba ndi la "tele", ndiko kuti "kutali" m'Cigriki. Ana ace ena ndi awa:

telephone: "phone" ndi liu lomveka, tsono ndi makina omvera mau a munthu ali kutali. Alexander Graham Bell analandira cikalata ca umwini wa makinawa m'caka ca 1876.

telegraph: "graph" ndi kulemba, ndi makina amene kale anali kutumiza uthenga wolembedwa pa waya.

telescope: "scope" ndi kupenya, ndi cipangizo copenyera zakutali, monga cija Galileo anayamba kupenyera naco zakumwamba m'caka ca 1609.

television: "vision" ndi kuona, ndi makina oonetsa zithunzi zocokera kutali.

Mwana amene wadziwa mau anai awa sanaphunzire anai okha ai. Akauzidwa kuti "micro" ndi "kacing'ono", adzazindikira yekha kuti "microscope" ndico cipangizo copenyera tizinthu tosaoneka ndi maso. Akauzidwa kuti "photo" ndi "kuwala", adzaona kuti "photograph" ndico cithunzi colembedwa ndi kuwala.

Banja laciwiri ndi la "port", locokera ku liu la Cilatini lotanthauza "kunyamula". "Porter" ndi wamtengatenga, ndipo cinthu cimene cili "portable" ndi conyamulika. Pakuti "ex" ndi "kunja", "export" ndiko kutumiza katundu kunja kwa dziko, monga Zambia amacitira ndi mkuwa wace. "Import" ndiko kulowetsa katundu m'dziko. "Trans" ndi "kuoloka". Motero "transportation" ndiyo nchito yonyamula anthu ndi katundu kucoka kwina kunka kwina, monga imacitira njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa m'caka ca 1975 pakati pa Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam.

Ngakhale liu lija lomveka pa 24 Okutobala caka ndi caka, lakuti "independence", lingathe kumasulidwa comweco. Tsinde lace ndi "pend", ndiko "kulendewera". "Depend" ndiko kulendewera pa wina, kapena kuti kumdalira, ndipo "in" wa kumutuyo akana. Dziko limene lalandira "independence", monga Zambia m'caka ca 1964, ndilo dziko limene laleka kulendewera pa dziko lina, naima pa lokha. Mwana wodziwa izi amva kulemera kwa liulo koposa mnzace wongoliimba.

Pali liu lina lochuka cifukwa ca kutalika kwace, la zilembo 45: "pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis". Poyamba liopsa ndithu, koma nalonso ndi mtolo cabe. "Pneumono" ndi mapapo. "Ultra" ndi kupitirira. "Microscopic" ndi mnzace uja wa banja lodziwika kale. "Silico" ndi mwala umene umapanga mcenga. "Volcano" ndi phiri lophulika moto. "Coni" ndi pfumbi. Ndipo "osis" ndi nthenda. Zonse pamodzi zinena nthenda ya mapapo yodza ndi kupuma pfumbi losalala kwambiri la miyala. Nthenda yotere ilikodi, ndipo ndiyo imene ogwira nchito m'migodi amapimidwira mapapo kawirikawiri.

Koma wina angatsutse nati, "Kodi zilembo zofanana sizinyenga?" Funso limeneli nloona, ndipo liyenera kuyankhidwa mosabisa. Zimanyengadi. Si onse okhala m'mudzi umodzi amene ali a mfunda umodzi. "Portion" ndi gawo la cinthu, "portrait" ndi cithunzi ca nkhope ya munthu. Onse awiri ayamba ndi "port", koma alibe cibale ndi kunyamula. "Carpet" ndi coyala pansi, ndipo m'liu ili mulibe galimoto ngakhale "car" aoneka kumutu kwace.

Cinyengo coopsa koposa cili m'liu lakuti "inflammable", limene limalembedwa pa zitini ndi migolo ya petulo ndi zina zotere. Mwana amene waphunzira kuti "invisible" ndi "cosaoneka" ndi kuti "incomplete" ndi "cosatha", angaganize kuti "inflammable" ndi "cosayaka". Komatu tanthauzo lace ndilo "coyaka msanga". "In" wa m'liu ili sakana ai. Ndi "in" wina, wotanthauza kulowetsa cinthu m'moto. Wolakwa pamenepa sangotaya mamaki a mayeso okha: akakhwaca macesi pafupi ndi citini cotere, angathe kutentha nyumba ndi kutaya moyo. Ngakhale eni ace cinenero amasokonezeka nalo liuli, kotero kuti masiku ano olemba macenjezo ambiri amalemba "flammable" pa zoyaka msanga, ndi "non-flammable" pa zosayaka.

Nanga tsono njira yomasula mau itayidwe? Iai. Mlenje amene wataya mapazi a nyama tsiku limodzi saleka kulondola mapazi, koma amaonjeza kucenjera. Wophunzira wanzeru amacita zinthu zitatu. Poyamba amadula liu m'ziwalo zace nayesa tanthauzo. Kaciwiri amawerenganso ciganizo conse kuti aone ngati tanthauzolo likhala bwino pamenepo. Kacitatu amatsegula buku lomasulira mau, kapena kufunsa mphunzitsi, makamaka ngati liulo lili pa botolo la mankhwala kapena pa cenjezo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Bvuto lina lotsala ndi la ana amene, ataleka kuopa mau ataliatali, amayamba kuwapembedza. Polemba kalata amaunjika mau akuluakulu kuti anthu awatame, ndipo wolandira kalatayo samva kanthu. Iwowa adziwe kuti liu lija la zilembo 45 linacita kupekedwa dala m'caka ca 1935 ku America ndi anthu okonda masewera a mau, ndipo madokotala eni ace amangoti "silicosis". Utali wa liu si muyeso wa nzeru. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwana wa sukulu acita bwino akakhala ndi kabuku kace kolembamo mabanja a mau, banja lililonse pa tsamba lace, ndi tsamba lina la mau onyenga. Akalemba liu limodzi kapena awiri tsiku lililonse, pofika nthawi ya mayeso adzakhala ndi nkhokwe yodzaza, ndipo liu lalitali likamdzera m'buku adzalilandira monga mlendo amene abale ace awadziwa kale.

Mafunso

1. Kodi "tele", "micro" ndi "trans" atanthauzanji?
2. Kodi "export" asiyana bwanji ndi "import"?
3. Cifukwa ninji liu lakuti "inflammable" lili loopsa kwa wolimasula mofulumira?
4. Ndi liu liti lalitali la Cinyanja limene lingadulidwe m'ziwalo monga "sindidzakuiwalani"?