CIKOMEKOME CA MKUYU: PENTI YA GALIMOTO IYAMBIRE MKATI

Mwezi wa June ukafika, nshawa, soya ndi thonje zikayamba kupita kumsika, eni magalimoto m'boma la Lundazi amakumbukira mabala amene magalimoto ao analandira m'dzinja. Wina citseko cinapindika pa mseu wa ku Chama, wina mudigadi inang'ambika m'matope a kwa Mwase. Cotero amaitanitsa citseko kapena boneti kucokera ku Chipata ngakhale ku Lusaka. Katunduyo akafika, m'thumba mumakhala mutauma kale, ndipo funso limatsala limodzi: kodi pentiyo adzapaka ndani?

Kupaka penti pakhomo si camanyazi. Kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo mafuta opitira ndi kubwerera okha angathe kuposa mtengo wa penti ya citseko cimodzi. Munthu wodzicitira yekha nchitoyi ngwoyenera kutamandidwa. Colakwa cimene cikuoneka kawirikawiri ndi cakuti ndalama zocepazo zimathera pa kunyezimira kwa kunja, pamene mdani weniweni wa galimoto, ndiye dzimbiri, amasiyidwa kuti adye mwaufulu. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Dzimbiri siliyambira pamene maso aona. Limayambira kuseri kwa mudigadi kumene matope amakakamira, ndi kunsi kwa citseko kumene madzi a mvula amaima. Cifukwa cake mwini galimoto wanzeru amayamba wapaka mbali ya mkati citsulo cisanamangidwe pa galimoto, ndi kuonetsetsa kuti timabowo totulutsira madzi kunsi kwa citseko sitinatsekeke. Nchito imeneyi sifuna makina. Bulashi ndi pulaima yoletsa dzimbiri nzokwanira.

Kunjako, mbali yaikulu ya nchito ndi ya manja, osati ya ndalama. Citsulo citsukidwe ndi sopo, mafuta onse acotsedwe, cifukwa penti sigwira pa girizi. Pamene pali dzimbiri pakwecedwe ndi sandipepa yokhakhala kufikira citsulo coyera cioneke, ndipo pulaima ipakidwe tsiku lomwelo. Ikauma, isalazidwe ndi sandipepa yosalala ya nambala 400 kapena 600. Citsulo catsopano ca m'sitolo cimabwera ndi utoto wakuda wa ku fakitale. Umenewu sufunika kuucotsa wonse, koma kungoukanda pang'ono kuti penti ipeze pogwira. Tsiku lathunthu lingathere pa kukweca kokha, ndipo tsiku limenelo silinataike. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa za mtundu wa penti, kuyerekeza ndi maso kwapusitsa ambiri, pakuti zoyera sizifanana zonse. Magalimoto ambiri ocokera ku Japan ali ndi nambala ya mtundu wao pa kacitsulo ka pa mphuthu ya citseko kapena pansi pa boneti. Pa Toyota, mwacitsanzo, 040 ndi mtundu woyera ndipo 202 ndi wakuda. Wotumidwa ku tauni apatsidwe nambala imeneyi, osati mau akuti "yoyera" okha. Ndiponso wofuna kusintha mtundu wa galimoto yonse akumbukire kuti mtunduwo unalembedwa m'buku la galimoto, ndipo a RTSA ayenera kudziwitsidwa.

Nyengo nayo ndi mmisiri. Kuyambira November kufika April mpweya umakhala wa cinyontho ndipo penti imacita mbuu. Mu August ndi September mphepo imanyamula fumbi, pamene dzuwa la October limaumitsa penti isanayalane bwino. Nthawi yabwino ndi miyezi ya May, June ndi July, mame atauma, pa mthunzi, pansi patawazidwa madzi. Wopopera aimike dzanja pa mtunda wa masentimita 15 kufika 20, apopere mopyapyala katatu, nadikira mphindi 10 kapena 15 pakati pake. Wofuna kutsiriza kamodzi amakolola penti yoyenderera ngati misozi.

Koma pali cinthu coposa ndalama, ndico moyo. Penti ya mtundu wa 2K, imene imasakanizidwa ndi mankhwala olimbitsa, ili ndi poizoni wochedwa isocyanate amene amaononga mapapo ndi kuyambitsa cifuwa ca mphumu cosatha. Kansalu komanga pamphuno sikateteza konse. Penti imeneyi njosayenera pa bwalo pamene ana akusewera ndi amai akuphika. Wopaka pakhomo asankhe penti ya m'zitini zopopera kapena ina yosafuna mankhwala olimbitsa, agwirire nchito panja, kutali ndi mbaula ndi fodya. Thina isathiridwe m'botolo la zakumwa, cifukwa mwana waludzu sadziwa kuwerenga.

Pomaliza, mutu umodzi susenza denga. Kompulesa imene munthu mmodzi sangaikwanitse, eni magalimoto asanu a ku Mphamba kapena kwa Kapichila angathe kusonkherana ndi kumabwerekana. Ndiponso m'caka ca 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse la phungu, ndipo gawo lina linapatulidwira maphunziro a luso la manja. Makomiti a citukuko acite cotheka kuti ena mwa anyamata ndi atsikana otumizidwa ku masukulu a luso akaphunzire kuwongola ndi kupaka magalimoto, kuti ndalama za alimi a Lundazi zizitsalira ku Lundazi.

Galimoto ya kumudzi ndiyo imanyamula feteleza, cimanga, odwala ndi maliro. Sifunika kunyezimira ngati ya bwana, ifunika kukhalitsa. Citseko cosawala kwambiri koma copakidwa bwino mkati cidzaona madzinja ambiri, pamene cowala ca pa dzimbiri cidzayamba kutupa mvula yoyamba isanathe.