Pampu ya dizilo saseta ndi khutu lokha

Pa Chiosya, ngakhalenso pa Kamwendo kapena ku Mkanda, pikapu ya dizilo ikangoyamba kuvuta kulira m'mawa, mlandu umagwera chinthu chimodzi basi: pampu. Ikatulutsa utsi, ati ndi pampu. Ikalephera chitunda itasenza matumba a mtedza, atinso ndi pampu. Mwini galimoto amagulitsa soya wake, mwina ng'ombe imene, kuti agule pampu ina, koma pakangotha sabata ziwiri mumuona akupemphanso anyamata a pamsika kuti amukankhe.

Abale anga, nkhaniyi si ya eni galimoto okha. Kuno kwathu pikapu ndi imene imatulutsa mbewu m'midzi, ndi ya matola tsiku la msika, ndipo usiku mayi akadwalika ndi yomweyo imene timakagogodera kuti ithamangire kuchipatala chachikulu ku Mchinji boma. Ikakhala pamiyala mwezi wathunthu, vuto ndi la mudzi wonse. Tsono ine ndikuti mapampu ena amene tikuwataya alibe mlandu. Olakwa ndife, chifukwa timagula pampu osaiwerenga, kenaka n'kuimanga pongomvera kulira kwa injini.

Tiyambe ndi ntchito yake. Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndiye pampu imatumiza dizilo ku manozo kuti apopere mu mpweya wotenthawo, motowo n'kuyaka wokha. Chinsinsi chonse chagona pa nthawi yopoperayo, imene amakaniko amati taimingi. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ndiye kuti pa sekondi imodzi yazungulira maulendo 50. Ulendo uliwonse uli ndi madigiri 360, kutanthauza madigiri 18,000 pa sekondi. Kuphonya ndi madigiri atatu okha, injini yasintha khalidwe. Kodi alipo munthu wa khutu lakuthwa chotero?

Mapikapu akale amene adzaza m'misewu yathu yafumbi, kaya ndi Toyota Hilux ya injini ya 2L, 3L kapena 5L, kaya Isuzu KB ya 4JA1 kapena 4JB1, kaya Nissan ya TD27, ambiri ali ndi pampu ya mtundu umodzi, yotchedwa VE. Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo idaitulutsa m'ma 1970, ndipo makampani a ku Japan, Denso ndi Diesel Kiki imene pambuyo pake idadzatchedwa Zexel, adagula chilolezo n'kumapanga zawo. Kuizindikira n'kosavuta: mapaipi anayi opita ku manozo amatulukira kumbuyo kwake atazungulira ngati mafuwa, pomwe pampu ya malole akuluakulu mapaipi ake amandandalika pamwamba mu mzere umodzi.

Apa ndi pamene pali msampha. Popeza onse ndi ana a bambo mmodzi, mapampu amenewa amafanana nkhope kwabasi. Munthu amapita ku Lilongwe kapena kuoloka pa Mwami kukafika ku Chipata, wogulitsa n'kumutulutsira pampu yochotsedwa ku galimoto yakufa, iye n'kuitembenuzatembenuza, n'kuti ndi yomweyi. Safunsa adadya phula. M'mbali mwa pampu iliyonse muli kachitsulo kolembedwa manambala, ndipo kameneko ndi chitupa chake. Pa Hilux mupezapo nambala ya Toyota yoyamba ndi 22100, ndi ina ya Denso. Pa mapampu ambiri mupezanso mzere woyamba ndi VE4, kenaka nambala ngati 10 kapena 11, ndi chilembo R kapena L chakumapeto. 4 ndi kuchuluka kwa masilinda. 10 kapena 11 ndi kukula kwa kapisitoni ka m'kati mwa pampu, pa mamilimita. R ndi L akunena mbali imene pampuyo imazungulirira. Mukagula ya L pomwe injini yanu ikufuna ya R, mwataya ndalama, ngakhale mabawuti onse atalowa bwinobwino m'malo mwake. Ndipo ngakhale mbali itagwirizana, pampu ya injini ya tebo siyezedwa chimodzimodzi ndi ya injini yopanda tebo.

Masiku ano anthu ambiri ali ndi foni yojambula. Kupukuta kachitsuloko ndi kansanza n'kukajambula musananyamuke sikutenga mphindi ziwiri. Nanga bwanji sitichita? Chikhalireni kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo moti kugula pampu kawiri n'kudzipha.

Tsopano pampu yolondola yapezeka, yatsala kuimanga. Njira imene ambiri timaiona pansi pa mtengo wa mango ndi iyi: makaniko amagwirizanitsa zizindikiro za pa magiya kapena pa lamba, amaliza injini, amamasula manati a pampu, n'kumaipendeketsa pang'onopang'ono uku akumvetsera. Ikalira momukomera, amanga. Kunena zoona, amakaniko athu ena ali ndi khutu lodabwitsa, ndipo sindikuwanyoza. Anthu amenewa amadzutsa magalimoto amene kwawo ku Japan adawaiwala kalekale, alibe buku, alibe benchi, ali ndi masipanala ochepa m'kathumba. Koma khutu limanyenga. Pampu ikafulumira pang'ono, injini imalira msanga m'mawa ndipo imamveka yamoyo, mwini wake n'kupereka ndalama akusekerera. Osadziwa kuti kugogoda kuja kukudya mabeyaringi ndi mapisitoni tsiku ndi tsiku. Pampu ikachedwa, kulira kumakhala kofewa, kokoma m'khutu, koma utsi woyera uli tolotolo m'mawa, mphamvu palibe, injini ikutentha, ndipo dizilo akungothera m'njira.

Njira imene opanga magalimotowa adalemba m'mabuku awo si yamatsenga ayi. Pakati penipeni pa mapaipi anayi aja pali kabawuti. Mukakachotsa, mumamangapo geji yokhala ngati wotchi, imene muvi wake umayeza zigawo 100 za milimita imodzi. Mumaika pisitoni yoyamba pamwamba, mumabweza injini m'mbuyo ndi sipanala madigiri ngati 30 mpaka muvi utasiya kuyenda, mumaika geji pa ziro, kenaka mumazunguliranso kutsogolo mpaka chizindikiro cha pa pule chitafika pamalo pake. Chimene geji yawerenga ndi mtunda umene kapisitoni ka pampu kayenda. Pa injini zambiri zamtunduwu muyezo wake umakhala pakati pa theka la milimita ndi milimita imodzi ndi kanthu, koma injini iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ndipo ya 3L simungaibwereke ku 4JA1. Ikapanda kukwana, mumamasula manati, kupendeketsa pampu mpaka muvi utafika, kumanga, n'kuyezanso kachiwiri. Pa mapampu okhala ndi kachipangizo kofulumizitsa taimingi injini ikazizira, kameneko muyambe mwakamasula, apo ayi geji ikunamizani. Ntchito yonse sikwana ola limodzi kwa munthu wozolowera.

A Hilux mukumbukirenso kuti pampu yanu imayendetsedwa ndi lamba, ndipo a Toyota adati pa injini za 2L ndi 3L lambayo azisinthidwa pa makilomita 100,000. Womanga lamba akaphonya dzino limodzi, ngakhale mupendeketse pampu mpaka kumapeto simuipeza. Kagetsi ka T-BELT kakayaka, ena amangokazimitsa osasintha lamba, ngati kuti akhaulitsa kagetsiko.

Pali kabawuti kena kamene ndikufuna tikambirane mosabisa, kaja kowonjezera mafuta. Opanga pampu amakatseka ndi chidindo dala, chifukwa kamasetedwa pa benchi yoyezera. Koma galimoto ikafooka, mwini wake amauza makaniko kuti, "Akulu, tatseguliraniko pang'ono." Chidindo chiphwanyidwa, utsi wakuda uyamba kuphimba anthu a panjinga m'mbuyo, ndipo pachitunda choyamba amaona ngati zatheka. Chonsecho vuto mwina linali fyuluta yotsekeka, manozo otha, kapena mpweya wolowera pa paipi yong'aluka. Zitatuzi n'zotchipa poyerekeza ndi pampu, ndipo ndi zimene zimayenera kuonedwa poyamba munthu asanakhudze china chilichonse.

Mafuta nawo sitingawasiye. Pampu ya VE ilibe oyilo wakewake. Dizilo amene akudutsamo ndi yemweyo amene amafewetsa zitsulo zake. M'zaka za kusowa kwa mafuta, 2011 ndi 2012, komanso kuyambira 2022 mpaka 2024, ambiri adazolowera kugula dizilo wa m'zigubu. Akakhala wosakaniza ndi palafini kapena wolowa madzi, pampu imadyeka m'kati mwakachetechete. Imeneyo ndiye yafadi, geji siingaidzutse. Ndipo amene muli ndi Hilux zatsopanoko zolembedwa D-4D, zonse ndanenazi sizikukukhudzani: kumeneko nthawi yopopera imalamulidwa ndi kompyuta, ndiye makaniko akabwera ndi sipanala kuti apendeketse pampu, mulandeni kiyi.

Ena anena kuti geji tiitenga kuti kumudzi kuno. Funso labwino, koma mtengo wa geji ndi kachitsulo kake komangira ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wa pampu imodzi. A TEVETA, amene akhala akuyendetsa maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, akhoza kusonkhanitsa amakaniko a m'matauni ang'onoang'ono a Mchinji masiku awiri okha n'kuwaonetsa ntchito imeneyi ndi manja, osati pa bolodi. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete ili pa msewu wathu womwewu wa ku Lilongwe, si kutali.

Koma tisadikire iwowo. Eni mapikapu a pa Chiosya mukasonkha anthu khumi, geji yagulidwa. Izikhala pa golosale imodzi yodalirika pamodzi ndi kope lolembamo nambala ya injini, nambala ya pampu ndi muyezo wa galimoto iliyonse, makaniko aliyense azibwereka polipira kangachepe, monga momwe timabwerekera sikelo nyengo yogula mtedza.