Ana a machona ku Guruve: abwerere ku Malawi kapena akhazikike komweko?

Ku Guruve, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, kuli mabanja olankhula Chichewa amene agogo awo adachoka ku Nyasaland kukalima fodya m'mafamu a azungu. Sadathawe nkhondo, koma kuyambira mu 2000 moyo wawo wafanana ndi wa anthu othawa kwawo. Boma la Robert Mugabe litayamba kulanda mafamu, ntchito idatha, ambiri adathamangitsidwa m'makomboni, ndipo amene adagawiridwako minda adali owerengeka. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwanso, moti munthu wobadwira pafamu pomwepo adatsala ndi chitupa chomutchula mlendo.

Ena amati njira yabwino n'kuwathandiza kubwerera kumudzi. Maganizowa si opanda mutu. Akorekore, mbadwa za ku Guruve, nawonso adalandidwa nthaka ndi atsamunda, ndipo amafunsa chifukwa chake mdzukulu wa mlendo apatsidwe munda ana awo akusowa polima. Komanso ku Malawi munthu ali ndi mfumu yake ndi manda a makolo ake.

Koma kumudzi kwake kuti? Mdzukulu wa mchona mwina amangodziwa dzina la boma, Dedza kapena Mangochi, ndipo agogo amene akadamuloza kwa nyakwawa adaikidwa kalekale kuseri kwa zigafa za fodya. Nakonso ku Malawi minda idachepa. Kumukweza basi n'kungosamutsa umphawi wake.

Guruve yemweyo ali ndi umboni wa zimene mlendo amachita akapatsidwa poyambira. Mu 1966, malonda a fodya atasokonekera chifukwa cha zilango zimene mayiko adaikira boma la Ian Smith, mlimi Tom Blomefield adatsegula Tengenenge, mudzi wa osema miyala. Antchito ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola adasiya makasu n'kugwira nyundo ndi tchizulo pamwala wa m'mapiri a Great Dyke. Fanizani Akuda, wochokera ku Zambia, ndi Josiah Manzi, wa makolo a ku Malawi, adatchuka mpaka kutsidya kwa nyanja, ndipo ziboliboli zawo zimawerengedwa kuti ndi luso la Zimbabwe. Sadalandire thumba la ufa. Adalandira malo, zida ndi msika.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 adatsegula khomo: wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanakhazikitsidwe, kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo amakhala komweko, ndi nzika. Vuto lili pa mapepala. Mayi wopanda kalata yakubadwa amavutika kulembetsa mwana wake, mwanayo n'kudzakula wopanda chitupa, ndipo mu 2021 bungwe la Amnesty International lidaonetsa kuti unyolo umenewu sudaduke.

Ine ndikuti wofuna kubwerera athandizidwe, koma asakakamizidwe. Otsalawo, amene ndiwo ambiri, alembedwe kaye. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare ndi alembi a boma la Zimbabwe apite okha kumakomboni a ku Guruve, alandire umboni wa mafumu ndi wa mipingo pamene mapepala palibe.