ZA UMOYO WATHU: MAKINA OPENYA M'KATI MWA MUNTHU

Abale anga a m'midzi, sabata ino tikambirane za makina amene ambiri a inu mumawaopa. Kawirikawiri munthu wotsokomola akafika ku chipatala, dotolo namuuza kuti, "Bambo, pitani mukajambulidwe pachifuwa," iye amavomera ndi pakamwa pokha. Akatuluka pakhomo, ulendo wa kwawo. Mukamfunsa ati, "Makina aja amayamwa magazi," kapena ati, "Uje anajambulidwa, mwezi sunathe anatisiya." Tsono tamverani m'mene makinawa agwirira ntchito, kuti mudziweruzire nokha.

Dzina la makinawa ndi X-ray. Anatulukira nzeruyi ndi Mjeremani wina, Wilhelm Röntgen, mu mzinda wa Würzburg, m'mwezi wa November 1895. Poyesayesa zamagetsi m'chipinda chamdima, anapeza kuti kuli kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kumene kumapyoza pepala, thabwa ndi mnofu womwe. Posowa dzina anangokutcha X, ndicho chilembo chimene ophunzira masamu amaika pa chinthu chosadziwika. M'mwezi wotsatira anajambula dzanja la mkazi wake, ndipo pachithunzipo panaoneka mafupa ndi mphete ya pachala. Mu 1901 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi.

Kodi kuwalako kumaonetsa bwanji mafupa? Imani kuseri kwa mpanda wa udzu m'mawa dzuwa likutuluka, ndipo penyani pansi. Pamene udzu uli wopyapyala kuwala kumadutsa, koma pamene pali mzati pamagwa mthunzi. Thupi lanu liri ngati mpandawo, ndipo mafupa ndiwo mizati. Makina amaponya kuwala mbali imodzi, ndipo mbali inayo amaikako chimbale cholandira kuwalako. Fupa, pokhala lolimba, limatsekereza kuwala, choncho limaoneka loyera pachithunzi. Mnofu umaoneka wotuwa. Mapapu, popeza ali odzaza mpweya, amaoneka akuda. Chitsulo chimayera mbee koposa fupa. Kale chithunzi ankachitsuka ndi mankhwala, koma lero m'zipatala zambiri chimaoneka pa kompyuta nthawi yomweyo.

Taonani tsono phindu lake. Mwana wanu wagwa pangolo, mkono watupa. Ndi maso simungadziwe ngati wangobinya kapena fupa lathyoka. Chithunzi chimasonyeza pamene lathyoka ndi kumene lapotokera, ndipo dotolo amaliwongola asanamange pulasitala. Fupa lolumikizika mokhota limasautsa mwini wake moyo wonse, ngakhale kugwira khasu kumene. Chimodzimodzi mwana akameza ndalama kapena singano, makinawa amaonetsa pamene chaima.

Koma ntchito yaikulu kwa ife ndiyo ya chifuwa chachikulu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu angathe kumayenda ndi kulima, pamene tizilombo tayamba kale kudya mapapu ake. Pachithunzi, malo odyedwawo amaoneka ngati mitambo yoyera, mwinanso ngati mphako. Chithunzi chokha sichikwanira ai. Dotolo adzafunanso makhololo anu, chifukwa m'menemo ndimo mupezeka tizilombo teniteni. Inu amene munagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, nenani zimenezo, pakuti fumbi la miyala limasiya zipsera m'mapapu ndi kutsegulira njira chifuwachi.

Dziwaninso kuti makinawa sachiritsa. Ntchito yake ndi kupenya basi. Wina akajambulidwa amabwerera kumudzi nati wachira, osakatenga mankhwala. Kumeneko ndi kudzinyenga. Ndiponso si nthenda zonse zioneka pachithunzi. Malungo amapezeka poyeza magazi, choncho musakwiye dotolo akanena kuti inu simufunika kujambulidwa.

Mukalowa m'chipindamo adzakuuzani kuti muvule malaya ndi kuchotsa mikanda, mapini, ndalama ndi chilichonse chomangirira m'khosi, chifukwa zimenezi zimaphimba chithunzi. Mudzatsamiritsa chifuwa pachimbale chija. Wojambula adzati, "Kokani mpweya, musapume," ndipo musanawerenge kufika khumi ntchito yatha. Palibe jekeseni, palibe kupweteka, ndipo palibe dontho la magazi limene lichoka m'thupi mwanu.

Sitibisa, kuwala kumeneku kukachuluka kumaononga thupi, monga moto umene umaphika nsima koma umatenthanso nyumba. N'chifukwa chake amakuyeza mosamala. Chithunzi chimodzi cha pachifuwa chimapatsa thupi kuwala kochepa, kolingana ndi kumene tonse timalandira kuchokera m'nthaka ndi m'mlengalenga pa masiku owerengeka. Mukaona wojambula akubisala kuseri kwa khoma musadabwe. Inu mwabwera kamodzi, koma iye amajambula anthu tsiku ndi tsiku. Amayi, ngati muli ndi pakati, kapena mukukayika, nenani musanajambulidwe. Musachite manyazi, pakuti mwana wa m'mimba ndi wosakhwima.

Nanga uje amene anamwalira atajambulidwa? Sanaphedwe ndi makina. Anatsokomola miyezi yambiri ali kumudzi, nafika ku chipatala mapapu atatha kale, ndipo mwina anasiyira nthendayo ana ake ogona nawo nyumba imodzi. Inu musatero. Mukatsokomola masabata 2, mukamatuluka thukuta usiku, thupi likamatha, nyamukani. Chifuwa chachikulu chimachira ndi mankhwala akumwa miyezi 6 osadumphitsa, ndipo m'zipatala za Boma saliritsa ndalama. Ndi bwino kusiya munda masiku 2 kusiyana ndi kugona dzinja lonse udzu ukudya chimanga.

Mafumu ndi inu odziwa kuwerenga, awerengereni anzanu mawu awa pabwalo. Tsalani bwino kufikira sabata ya mawa.