Madzi Saiwala Khwawa



Nkhani ya mwezi uno inabadwira pakhonde la mlongo wanga ku Kanyama. Tinali titangotha kudya nsima ya madzulo, magetsi atazima, pamene mwana wake wamkazi, amene ali ku sekondale, analoza kumwamba nati: "Amalume, yofiira ija si nyenyezi iyai. Ndi dziko lotchedwa Mars. Aphunzitsi akuti kalekale kunali mitsinje ndi nyanja." Amai ake anamudula pakamwa: "Iwe, madzi a ku Mars adzatsuka mbale izi? Kagone, mawa ulawire kumpopi." Tonse tinaseka, koma mwanayo sanaseke. Pobwerera kwathu usiku umenewo, kuseka kwanga kuja kunandilemera mumtima.

Mau a mlongo wanga si opusa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene amagula madzi tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake anthu ophunzira amataya nthawi kufunafuna madzi kudziko lopanda munthu. Koma nditaiganizira nkhaniyi, ndaona kuti funso la mwana uja ndi funso la amai ake ndi ana a mimba imodzi. Tiyeni tiyendere limodzi, muone ngati ndikunama.

Amadziwa bwanji osafikako?

Mars ndi dziko lachinayi kuchokera ku dzuwa. Ife tili pa lachitatu. M'mimba mwake ndi pafupifupi theka la dziko lathu. Kufiira kwake n'kwa dzimbiri, monga la malata akale, pakuti fumbi lake lili ndi chitsulo. Kumazizira koopsa, ndipo mpweya wake sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wa kuno. Mutathira madzi pansi kumeneko, amaundana kapena kuuma msanga. Nanga za mitsinjezo zachokera kuti?

M'zaka za 1971 ndi 1972 chombo cha ku America chotchedwa Mariner 9 chinazungulira Mars ndi kutumiza zithunzi. Pazithunzipo panaoneka makwawa ouma, okhotakhota ngati mitsinje yathu m'chilimwe. M'chaka cha 2008 chombo china, Phoenix, chinatera ndi kupala nthaka, n'kupeza madzi oundana pansi pa fumbi. M'chaka cha 2012 galimoto yopanda woyendetsa yotchedwa Curiosity inapeza timiyala tosalala, tobulungira, titamatana pamodzi. Aliyense amene anakulira m'mbali mwa Luangwa akudziwa kuti mwala wa mumtsinje ndi wosalala chifukwa madzi anaukunkhuniza ulendo wautali, pamene mwala wophwanyidwa ndi nyundo m'mbali mwa mseu uli ndi nsonga zocheka dzanja. Pa 18 Febuluwale 2021 galimoto ina, Perseverance, inatera m'chidzenje chachikulu chotchedwa Jezero, chotambalala makilomita 45, ngati kuchoka mu Lusaka kufika ku Kafue. M'mphepete mwake muli mulu wa mchenga ndi matope ouma, woyalika ngati chikhatho, monga zimakhalira pamene mtsinje umathira m'nyanja. Akatswiri akuti nyanjayo inalipo zaka zoposa mabiliyoni atatu zapitazo.

Palibe munthu anaponda ku Mars, ndipo palibe anaona madziwo akuyenda. Anthu anangophunzira kuwerenga miyala monga mlenje awerenga mapazi a nyama. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa nalo siliiwala madzi.

Mwana wa sukulu amene anaona mizere

Zina mwa ntchito zimenezi zimagwiridwa ndi ana a sukulu. Mnyamata wina, Lujendra Ojha, anabadwira ku Kathmandu m'dziko la Nepal. Akuphunzira digiri yake yoyamba pa yunivesite ya Arizona, anali kufanizira zithunzi za materezi a ku Mars zojambulidwa nyengo zosiyana. Anaona mizere yakuda yotsika m'matereziwo. Nyengo yofunda mizereyo inali kuoneka ndi kutalika. Nyengo yozizira inali kuzimirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 2011 iye ndi aphunzitsi ake anafalitsa zimene anaonazo. Mu Seputembala 2015, akuchita digiri yapamwamba ya PhD pa Georgia Institute of Technology, Ojha ndi anzake ananena kuti apeza zizindikiro za mchere wogwira madzi pamizereyo, ndipo bungwe la NASA linalengeza kuti mwina madzi amchere amayendabe ku Mars. Dziko lonse linagwedezeka.

Koma nkhani sinathere pamenepo. M'chaka cha 2017 akatswiri ena, motsogozedwa ndi Colin Dundas, anayeza kutsetsereka kwa matereziwo. Anapeza kuti mizere ija imathera pamalo pomwe mchenga wouma umalekera kugumuka. Akanakhala madzi, akanapitirira kutsika ngakhale pamalo otsetsereka pang'ono. M'chaka cha 2018 wophunzira wina wamkazi wa digiri yapamwamba, Ellen Leask wa ku Caltech, ndi anzake anaonetsa kuti chizindikiro cha mchere chija chikhoza kubadwa m'njira imene kompyuta imayeretsera zithunzi. Lero akatswiri ambiri amakhulupirira kuti mizereyo ndi fumbi ndi mchenga wouma.

Kodi mnyamata uja anachita manyazi n'kuthawa? Iyai. Anapitiriza ntchito yake, ndipo anadzakhala mphunzitsi pa yunivesite ya Rutgers. Mizere imene anaiona ilipo ndithu. Chimene chinakonzedwa ndi kamasuliridwe kake. Umu ndi mmene nzeru zoona zimakulira: wina aona, anena poyera mmene waonera, anzake ayeza, ndipo cholakwa chikonzedwa popanda ndeu.

Miyala ya pansi pa Lusaka

Tsopano tibwerere kwathu. Mbali yaikulu ya kumwera ndi kumadzulo kwa Lusaka, kumene kuli Kanyama, Chawama ndi Misisi, inakhala pa mwala wa mtundu wa laimu. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, kotero kuti pansi pathu pali ming'alu, mphako ndi ngalande zosaoneka. Ili ndi dalitso, pakuti ming'aluyo imasunga madzi ambiri; madzi a mumzinda uno ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, koma ena ambiri amachokera m'zitsime zakuya zoboola mwala womwewu. Komanso ili ndi tsoka. Dothi la pamwamba pa mwalawo ndi lochepa, malo ndi athyathyathya, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kufika pabwalo. N'chifukwa chake Kanyama amasefukira ngakhale palibe mtsinje waukulu pafupi.

Taonani tsono chimene chimachitika. Kumene kuli mchenga ndi dothi lambiri, madzi oipa a m'chimbudzi amayenda pang'onopang'ono ndi kusefedwa m'njira. Koma mu mng'alu wa mwala mulibe sefa. Madzi amathamanga ngati ali mu paipi. Chimbudzi chokumba cha nyumba imodzi ndi chitsime chosazama cha nyumba ina zimamwa pa mtsempha umodzi. Madzi a m'chitsimemo akhoza kuoneka oyera mbee, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mtengo wake tinaulipira ndi maliro. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Imene inayamba mu Okutobala 2023 inaposa pamenepo: m'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo ana sanabwerere kusukulu mpaka mwezi wa Febuluwale 2024.

Za ming'alu iyi sitinazidziwe mwa maloto. Akatswiri a sukulu ya migodi pa University of Zambia, monga Profesa Daniel Nkhuwa, pamodzi ndi ophunzira a madigiri apamwamba, akhala akufufuza madzi a pansi pa Lusaka kwa zaka zambiri: kuyeza kuzama kwa madzi m'zitsime, kupima ukhondo wake ndi kujambula mapu a malo oopsa. Luso lawo ndi lomwe lija la owerenga miyala ya ku Mars. Funso ndi limodzi: madzi awa achokera kuti, adutsa kuti, ndipo atenga chiyani m'njira? Mwana amene lero akufunsa za mitsinje ya ku Mars ndiye mawa angadziwe kuuza boma pamene pasayenera kukumbidwa chimbudzi.

Tinaseka kale

Aka si koyamba kuti ife a Zambia tiseke munthu woyang'ana kumwamba. M'chaka cha ufulu, 1964, Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi ndi womenyera ufulu, analengeza kuti adzatumiza achinyamata ku mwezi ndi ku Mars. Anali kuwaphunzitsa kunja kwa Lusaka powakunkhuniza m'mgolo kutsika chitunda, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni. Ndalamazo sizinabwere, atolankhani akunja anaseka, ndipo iye anamwalira m'chaka cha 1989 chombo chake chisanauluke. Mgolo sufikitsa munthu ku mwezi, pamenepo sititsutsa. Koma iye anakana kuvomera kuti kumwamba kuli eni ake, kuti mwana wa Mwafrika ntchito yake n'kuwerama basi. Chimene chinasowa chinali maphunziro ozama ndi zipangizo. Zimenezo zimapezeka, chimene sichipezekanso chikafa ndi chidwi cha mwana.

Ndipo ambiri a ife tikukumbukira tsiku la 21 Juni 2001, pamene kadamsana anadetsa Lusaka masana kwa mphindi zitatu. Nkhuku zinalowa m'khola, nyenyezi zinaoneka, ndipo alendo anachokera kumaiko akutali kudzaona. Akatswiri anali atanena kale tsiku ndi ola lake, ndipo sanaphonye. Tsiku limenelo mwana aliyense wa m'komboni anali ndi mafunso. Kodi ndi angati amene anapeza womuyankha?

Zimene tingachite pakhomo

Choyamba, mwana akafunsa tisamutseke pakamwa. Safunsa anadya phula. Ngati yankho sitilidziwa, tinene kuti: "Sindidziwa, mwanawe, kafunse aphunzitsi, udzatiuze ndi ife." Kholo silichepa ndi mau amenewa.

Chachiwiri, m'masukulu athu muli magulu a JETS, amene anayamba mu Zambia m'chaka cha 1968, kumene ana amapanga zinthu ndi kuyesa nzeru zawo, n'kukapikisana mpaka pa dziko lonse. Funsani aphunzitsi aakulu ngati gululi lilipo pasukulu ya mwana wanu. Ngati linafa, nenani pamsonkhano wa makolo kuti liuke.

Chachitatu, tigawe ntchito ya kutunga madzi mwachilungamo. Mtsikana amene amadzuka tambala woyamba kukaima pamzere wa kumpopi amafika m'kalasi atatopa kale, pamene mlongo wake wagona mpaka kwacha. Mutu wa mnyamata nawo ungasenze chigubu.

Chachinayi, inu ana athu amene munafika ku yunivesite kuchokera ku Matero, ku George, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, musaiwale khwawa lanu. Loweruka limodzi pa temu, bwererani kusukulu imene munaphunzira, mukafotokoze m'chinenero cha kwathu zimene mukufufuza. Mwana akaona munthu wa mumseu wake womwewo atavala mkanjo wa maphunziro, amakhulupirira kuti njira ilipo.

Chachisanu, yesani ichi kunyumba. Dulani mabotolo awiri a pulasitiki, muwazondotse, mutseke kukamwa kwake ndi kansalu. Limodzi mudzaze mchenga, lina miyala yophwanya. Thirani madzi amatope m'mabotolo onse awiri, ana aone mmene akudutsira. Mumchenga adontha pang'onopang'ono, atayerako. M'miyala angopyola momwe analowera. Koma muwauze anawo kuti ngakhale oyerawo si akumwa, pakuti kachilombo ka kolera sikaoneka ndi maso. Madzi a m'chitsime chosazama aziwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala a kolorini.

Patapita sabata ziwiri ndinabwerera ku Kanyama ndi mabotolo awiri m'thumba. Ndinayamba ndi kupepesa mwana uja chifukwa cha kuseka kwanga. Tinachita zija ndafotokozazi, ana a nyumba zoyandikana atatizinga. Kenaka mwanayo, popanda womutuma, anawerenga mapazi kuchokera pachimbudzi cha pabwalopo kufika pachitsime chimene amatungapo madzi otsukira mbale pampopi pakauma. Anapeza mapazi khumi ndi awiri. Akatswiri a zaumoyo amalangiza mamita 30, ndipo pamwala wa ming'alu ngakhale amenewo sakwanira. Mlongo wanga anaima chete kanthawi, manja ali m'chiuno. Kenaka anati: "Achimwene, mwana wanuyu atisautsa." Analowa m'nyumba, natuluka ndi mbaula ndi mphika waukulu.

Chitsime chija chikadali pomwepo, ndipo chimbudzi chikadali pomwepo. Kuzikonza n'kwa eni nyumba, a khansala ndi boma, ndipo tisatope kuwakumbutsa. Koma pakhomo paja tsopano pali munthu mmodzi amene amadziwa kufunsa kumene madzi adutsa. Usiku wina kukakhala kopanda mitambo, tulukani ndi ana anu, mufunefune kadontho kofiira kamene sikaphethira ngati nyenyezi zina. Akakufunsani, musawauze kuti akagone.